Namwino Sawerenga h-index

Masiku ano tikafuna kudziwa ngati munthu wophunzira ndi katswiri weniweni, sitifunsanso amene anagwira naye ntchito kapena amene anadutsa m'manja mwake. Timatsegula Google Scholar, timalemba dzina lake, ndipo pambali pa chithunzi chake pamatuluka manambala: zolemba zake zatchulidwa kangati ndi ofufuza anzake, ndipo h-index yake yafika pati. Manambala amenewa alowa m'makalata ofunsira ntchito, m'makomiti okweza aphunzitsi kukhala mapulofesa, ngakhalenso m'kamwa mwa woyendetsa mwambo akamaitana mlendo wolemekezeka kuti alankhule. Ine muyeso umenewu ndikuukana. M'maphunziro ena mwina uli ndi kantchito kake, koma kwa wofufuza amene amati akubweretsa makompyuta ndi AI m'chipatala, muyesowu umanama, ndipo amene amavutika ndi bodzalo ndi wodwala amene wakhala pa benchi kuyambira m'mamawa.

Tiyambe ndi chimene nambalayi imawerenga. Anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku California, m'chaka cha 2005. Munthu akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20 m'mapepala a ena. Basi. Nambalayi siifunsa chifukwa chimene anamutchulira. Womutchula pomuyamikira, womutchula pomutsutsa, ndi womutchula chifukwa choti aliyense akumutchula koma iye sanawerenge n'komwe, onsewa amaponya mwala pa mulu umodzi. Pepala la Andrew Wakefield la 1998, lomwe linanamizira katemera wa MMR, woteteza ana ku chikuku ndi matenda ena awiri, kuti amayambitsa autism, linachotsedwa m'magazini ya The Lancet mu 2010, koma likutchulidwabe. Makolo ena anaopa katemera, chikuku chinabwerera kumene chinali chitachepa, koma pa tsamba la manambala zonsezo zinangokweza chiwerengero.

Mwina munganene kuti imeneyo ndi nkhani ya chinyengo, yosiyana ndi kafukufuku wa anthu oona mtima. Chabwino, tiyeni kwa oona mtimawo. Mliri wa COVID-19 utabuka mu 2020, mapepala anachuluka ngati ngumbi mvula ikagwa, lililonse likulonjeza pulogalamu ya AI yotha kuzindikira matendawa pongoona chithunzi cha X-ray kapena cha CT cha chifuwa. Gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Michael Roberts wa ku Cambridge linasonkhanitsa mapepala 2,212 a mtunduwu, linawasefa mpaka kutsala ndi 62 oyenera kuwaunika mozama, ndipo mu 2021 linalengeza m'magazini ya Nature Machine Intelligence kuti panalibe pulogalamu ngakhale imodzi yoti dokotala angaidalire pothandiza wodwala. Zina mwa zolakwikazo zinali zochititsa manyazi. Ofufuza ena anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi za akuluakulu odwala COVID-19 mbali imodzi, ndi zithunzi za ana aang'ono opanda COVID-19 mbali inayo. Kompyuta inakhoza mayeso bwino lomwe, koma chimene inali nacho mpata wophunzira ndi kusiyanitsa chifuwa cha mwana ndi cha munthu wamkulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe mapepala amenewa anatchulana okhaokha, eni ake anakwera m'manambala, ndipo palibe amene anawalanda manambalawo zitadziwika kuti mapulogalamuwo sangathandize wodwala.

Ngakhale pulogalamu yabwino ndithu imapunthwa ikatuluka m'labotale. Mu 2016 akatswiri a Google, motsogozedwa ndi Varun Gulshan, analemba m'magazini ya JAMA za AI yophunzitsidwa ndi zithunzi 128,175 za m'kati mwa diso, yotha kuzindikira kuwonongeka kwa maso kobwera ndi matenda a shuga. Inali ntchito yapamwamba, ndipo pepalalo latchulidwa masauzande. Kenako anaitengera ku zipatala za ku Thailand. Kumeneko anamwino ankajambula maso m'zipinda zowala kwambiri, chifukwa zipatala zambiri zinalibe chipinda chamdima. Pulogalamuyo inali itazolowera zithunzi zoyera bwino, ndiye inakana pafupifupi chithunzi chimodzi pa zisanu zilizonse. Intaneti ikamayenda pang'onopang'ono, mzera wa odwala unkatalika. Amene zithunzi zawo zakanidwa ankauzidwa kuti apite kwa dokotala wa maso ku chipatala china, ulendo wofuna ndalama ndi tsiku lina lojomba ku ntchito. Emma Beede ndi anzake, a ku Google komweko, analemba zonsezi mu 2020, ndipo tiwayamikire chifukwa sanabise. Kwa mkulu wa chipatala cha ku Chipata, Tete kapena Mangochi, pepala lachiwirili ndi limene lili ndi phunziro, chifukwa likunena za kuwala kwa m'chipinda, intaneti ndi nthawi ya namwino. Koma pa sikelo ya kutchulidwa, latsalira kutali ndi loyamba lija.

Ndipo kutchulidwa kwambiri sikusandutsa munthu mneneri. Geoffrey Hinton ndi mmodzi mwa ofufuza otchulidwa kwambiri pa dziko lonse, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2024. Ntchito yake pa AI ndi yaikulu, sindikuichepetsa. Koma mu 2016 ananena pagulu kuti tileke kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi za X-ray, chifukwa pomatha zaka zisanu makompyuta adzakhala akuwaposa. Zaka zisanuzo zinadutsa kalekale, ndipo ngakhale mayiko olemera akudandaula kuti madokotalawa ndi osakwanira. Tangoganizani nduna ya zaumoyo ya kuno, kumene madokotala otere ndi ochepa kwambiri, ikanamvera malangizowo poona kukula kwa h-index ya wowanenayo.

Tsopano ndikuonetseni wofufuza wina, woti tiyeze ntchito yake ndi muyeso wosiyana. Gerry Douglas ndi katswiri wa makompyuta a zaumoyo amene anaphunzira ndi kuphunzitsa ku University of Pittsburgh ku America, ndipo ndi amene anayambitsa bungwe la Baobab Health m'Malawi. Mu 2001, ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, iye ndi anzake anayamba ndi funso looneka laling'ono: kodi wodwala amene wabwera lero tingadziwe bwanji kuti ndi yemwe uja anabwera mwezi watha? Nthawi imeneyo m'Malawi munalibe chitupa cha unzika. Kalembera wake wa dziko lonse anachitika mu 2017. Mayina ndi ofanana, a Banda ndi a Phiri osawerengeka, ndipo ambiri tsiku lobadwa salidziwa. Yankho lawo linali lakuti wodwala aliyense apatsidwe nambala yakeyake, yosindikizidwa pa sitika ya timizere n'kumatidwa pa kabuku kake ka kuchipatala. Akabweranso, kalaliki amangounika timizereto ndipo mbiri yake imatuluka. Kabuku ka pepala sanakathetse, chifukwa ndi kamene mayi amasunga m'chikwama n'kupita nako kulikonse. Anangokalumikiza ndi kompyuta.

Makina enieniwo ndi amene amandisangalatsa kwambiri. Anatenga timakompyuta totchedwa i-Opener, tomwe kampani ina ya ku America inali italephera kuchita nato malonda, n'kutiika sikirini yodina ndi chala. Analibe kiyibodi kapena mausi, chifukwa ogwira ntchito ambiri anali asanagwirepo kompyuta, ndipo panalibe nthawi yowatumiza ku maphunziro a miyezi. Sikirini iliyonse inkafunsa funso limodzi, ndi mabatani akuluakulu oyankhira. Timakinato tinkadya magetsi ochepa, choncho magetsi akazima mabatire ankakwanitsa kutiyendetsa. Chilichonse mwa zosankha zimenezi chinachokera poyang'ana chipatala monga chilili: fumbi, kuzimazima kwa magetsi, ndi namwino mmodzi pa khamu la anthu.

Boma la Malawi litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, chiwerengero cha olandira mankhwala chinakwera mofulumira. Kaundula wa pepala ankagwira bwino pa chipatala chaching'ono, koma pa chachikulu ogwira ntchito ankatha masiku angapo akuwerenga makhadi kuti apange lipoti la miyezi itatu: angati ali moyo ndipo akumwabe mankhwala, angati amwalira, angati asowa. Mu 2006 a Baobab anayamba kuyesa makina a ku kiliniki ya ma ARV ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Wopereka chithandizo amadina mayankho wodwala ali pomwepo. Makina amayerekezera kulemera kwa thupi ndi msinkhu, amawerengera mapilitsi otsala kuti zioneke ngati munthu akumwa mwa ndondomeko, amathandiza kupeza tsiku lodzabweranso, ndipo amasindikiza sitika ya zonse za tsikulo. Lipoti la miyezi itatu limatuluka m'zimene zalembedwa kale. Munthu amene sanabwere pa tsiku lake amaoneka msanga, azaumoyo n'kumutsatira asanadwalike. Makinawa anafalikira ku zipatala zambiri za m'dziko muno, ndipo amene analandirapo ma ARV pa chipatala chachikulu m'Malawi, sitika imeneyi akuidziwa.

Ntchito imeneyi inafotokozedwa m'pepala la mu 2010 m'magazini ya PLoS Medicine. Liikeni pa sikelo ya Google Scholar pambali pa pepala la Gulshan, muona kuti silikuyandikira n'komwe. Kompyuta ikuuzani kuti winayo ndiye wamkulu. Koma pitani mukafunse kalaliki wa ku Queens kuti ndi kafukufuku uti amene anasintha tsiku lake la ntchito.

Wina anena kuti ndikungotamanda mlendo. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma apa kalumoko sikanakhale m'manja mwa mlendo. Pa pepala la 2010 lija pali mayina a Amalawi monga Oliver Gadabu, Soyapi Mumba ndi Frank Chimbwandira. Mapulogalamu ankalembedwa ku Lilongwe ndi achinyamata a konkuno, ndipo bungwelo linadzakhala Baobab Health Trust, loyendetsedwa ndi Amalawi. Mu 2017 Mumba anakafotokoza ntchitoyi pa msonkhano wa TED ku Arusha. Kwa ine, ichi ndi chipatso chachikulu cha wofufuza: anthu amene angakonze makinawo, kuwasintha ndi kupanga ena iye atachoka. Chipatso chimenechi h-index siichiona. Ndipo apa muyesowu umatilakwira kawiri, chifukwa amene amakwera padenga kumanga mawaya, amene amagona ku chipatala seva ikafa, amene amaphunzitsa anamwino mazanamazana, sapeza nthawi yolemba mapepala. Dzina lake likaoneka, limakhala pakati pa mndandanda wa olemba, pamene makomiti sayang'ana.

Nkhani ya Baobab si yokhayi m'chigawo chathu. Tsankho litatha ku South Africa, ofufuza a ku University of the Western Cape ndi a ku University of Oslo, mmodzi wa iwo Jørn Braa, anayamba kumanga njira yoti maboma azisonkhanitsira malipoti a zipatala zawo. Kumeneko ndi kumene kunachokera DHIS2, yomwe lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko oposa 70, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Lipoti la pa mwezi la chipatala cha kumudzi kwanu, la ana obayidwa katemera ndi amayi ochira, limathera mmenemo. Amene akulota za AI ya zaumoyo mu Africa akumbukire kuti AI imaphunzira kuchokera ku zolembedwa. Popanda nambala ya wodwala, popanda mbiri yosungidwa bwino, ilibe chodya. Amene anamanga nkhokwe timawayesa amisiri wamba, ndipo amene wabwera kudzatapa chimanga, n'kulemba pepala m'miyezi itatu, timamuveka ulemu wa pulofesa.

Otsutsa ali ndi mfundo zimene sindingazinyoze. Yoyamba ndi yakuti tikachotsa manambala, makomiti adzangokweza abale awo ndi anzawo omwa nawo tiyi. Mantha amenewa ndi oona, ndipo kukondera tonse timakudziwa. Koma ine sindikunena kuti tileke kuwerenga. Ndikunena kuti tiwerenge zinthu zoyenera. Ndi zipatala zingati zikugwiritsa ntchito chimene munapanga? Kwa zaka zingati? Nthawi yodikira ya wodwala inachepa kapena inatalika? Ndi anthu angati a kuno amene angachikonze popanda kukuimbirani foni? Awanso ndi manambala, ndipo ndi ovuta kunamiza kuposa kutchulidwa, chifukwa munthu akhoza kukwera minibasi n'kukaona yekha. Kutchulidwa kumachita kugulidwa: anthu amatchulana mosinthana, amadzitchula okha, ndipo pali magazini achinyengo osindikiza chilichonse bola walipira. Ku South Africa, kumene boma limapereka ndalama ku mayunivesite pa pepala lililonse lotuluka m'magazini ovomerezeka, Johann Mouton ndi Astrid Valentine anapeza mu 2017 kuti pakati pa 2005 ndi 2014 mapepala oposa 4,000 anatuluka m'magazini okayikitsa otere. Ukamalipira munthu pa chiwerengero cha mapepala, akupatsa mapepala.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti kafukufuku wina amabala mochedwa. Masamu amene AI ya lero yaimapo anakhala zaka zambiri opanda wowagwiritsa ntchito. Ndikuvomera, ndipo katswiri wa masamu sindingamufunse kuti wachiritsa angati. Koma amene walemba m'kalata yopemphera ndalama kuti pulogalamu yake ipulumutsa miyoyo ku Africa wadzisankhira yekha muyeso. Anapempha m'dzina la odwala, anatenga zithunzi ndi mbiri za odwala, ndiye asadabwe tikamufunsa za odwalawo.

Yachitatu ndi yakuti nthawi zina pepala lotchulidwa kwambiri limakhalanso lothandiza kwambiri. Zoona. Mu 2019 Ziad Obermeyer ndi anzake anaonetsa m'magazini ya Science kuti pulogalamu ina yogwiritsidwa ntchito kwambiri ku America posankha odwala ofunika chisamaliro chapadera inkayeza kudwala poona ndalama zimene munthu wawonongerapo ku chipatala. Popeza pa anthu akuda pankawonongedwa ndalama zochepa ngakhale atadwala mofanana ndi azungu, pulogalamuyo inkawayesa athanzi. Kukonza cholakwikacho kukanakweza gawo la anthu akuda mwa olandira chisamalirocho kuchoka pa 17.7 kufika pa 46.5 pa 100 alionse. Pepala limeneli ndi loyenera ulemu wonse umene lalandira. Koma ulemu wake ukuchokera pa chimene linavumbula, ndipo phunziro lake ndi langa lomweli: ukayeza chinthu chosavuta kuwerenga m'malo mwa chinthu chimene ukufunadi kudziwa, umalakwira anthu amene ali kale pansi. Ndalama zinaimira kudwala, ndipo anthu akuda anatsala. Kutchulidwa kukuimira phindu la kafukufuku, ndipo omanga a kuno akutsala.

Sindikunena kuti makina a Baobab ndi opanda chilema. Netiweki ikagwa, ogwira ntchito amabwerera ku mapepala, ndipo pambuyo pake wina amayenera kulowetsa zonsezo m'kompyuta. Chachikulu n'chakuti ndalama zambiri zoyendetsera makina a HIV zakhala zikuchokera ku boma la America kudzera ku PEPFAR ndi CDC, ndipo m'mwezi wa Januwale 2025, boma limenelo litaimitsa thandizo lake la kunja, tonse tinaona kuopsa kodalira thumba la mwini. Koma onani kuti zofooka zimenezi tikuzidziwa chifukwa makinawo akhala m'chipatala zaka zoposa makumi awiri, akugwiridwa ndi zala za anthu enieni. Pulogalamu imene sinatulukepo m'kompyuta ya mwini wake ilibe zofooka zodziwika, monga mmene njinga yosakwerapo munthu siphulika tayala. Ndipo mafunso amenewa, a ndani alipire mabatire, ndani asunge seva, mbiri za odwala athu zikhale m'manja mwa ndani, ndi amene akufunika ofufuza athu anzeru kwambiri. Koma wachinyamata amene akufuna kukwezedwa amadziwa kuti funso la mabatire silitchulidwa ku London kapena ku Boston. Amatsitsa zithunzi za odwala a ku America pa intaneti, amawonjezera kachigawo kamodzi pa zana pa kulondola kwa pulogalamu, pepala latuluka. Sindimuda. Akuvina nyimbo imene ife tamuimbira.

Choncho mlandu ndikuupereka kwa oimba ng'omawo: akuluakulu a mayunivesite athu, mabungwe a boma oyang'anira sayansi, ndi opereka ndalama za kafukufuku. Palibe lamulo la chilengedwe lotikakamiza kuyeza anthu athu ndi sikelo yopangidwira akatswiri a fizikisi a ku California. Ngakhale kumene sikeloyo inachokera akuikayikira. Mu 2012 asayansi anakumana ku San Francisco n'kulemba chikalata cha DORA, chopempha kuti wofufuza aziweruzidwa ndi ntchito yake yeniyeni osati kutchuka kwa magazini imene walembamo, ndipo mabungwe ambiri asayina. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife ndife amene tili ndi mizera italiitali ya odwala ndi anamwino ochepa, ndiye tisadikire kuti ena atiyambire. Malamulo okwezera anthu pa ntchito alembedwe kuti pulogalamu imene yagwira ntchito m'zipatala za boma kwa zaka zingapo, ndi umboni wotsimikizika, ilemere ngati mapepala a m'magazini akuluakulu. M'komiti yoweruza wofufuza wa makompyuta a zaumoyo mukhale namwino kapena mkulu wa zaumoyo wa pa boma, wokhala ndi voti osati wongoonerera. Amene analemba mapulogalamu ndi kusamalira zolembedwa aikidwe pa malo oyenera pa mndandanda wa olemba. Wofufuza amene walemba moona mtima kuti anayesa ndipo zinakanika, monga anachitira a ku Thailand aja, alandire ulemu m'malo mobisa nkhope.

Mapepala apitirize kulembedwa, chifukwa popanda pepala la 2010 lija a ku mayiko ena sakanaphunzira zimene zinachitika ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma pepala ndi lipoti la ntchito, ndipo lipoti limabwera ntchito itagwirika. Tsiku limene katswiri wa AI ya zaumoyo adzaima pamaso pa komiti ndi tsamba lake la manambala, wapampando adzaliike pambali kaye n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, makina anuwa akugwira ntchito ku chipatala chiti, kuti mawa tipite tikawaone?"